Kulanda Shuga M'madzi

Munthu akasenda nzimbe ndi mano n'kuyamba kutafuna, chimene amameza ndi madzi, chimene amalavula ndi makoko. Shuga amakhala m'madzimo, wosungunuka kale, wosaoneka ndi maso, wosagwirika ndi zala. Mukagawa phesi la nzimbe yokhwima m'magawo 100, pafupifupi magawo 70 ndi madzi, shuga ndi magawo 12 mpaka 15 basi, otsalawo ndiwo makoko aja. Choncho ntchito yonse yopanga shuga, kuyambira kwa anthu oyamba kuphika madzi a nzimbe ku India mpaka ku fakitale ya ku Nchalo lero, ndi imodzi yomweyo: kuthamangitsa madzi kuti shuga atsale yekha. Kusungunula shuga ndi ntchito ya mwana ndi supuni. Koma kumubweza kuti akhalenso mibulu youma kwamaliza nkhalango, kwaolotsa mitundu ya anthu nyanja zazikulu, ndipo kwadzaza manda.

Kambulu kamodzi ka shuga ndi mulu wa mamolekyu ofanana, ofola bwinobwino m'mizere. Molekyu iliyonse ili ndi maatomu 45: a kaboni 12, a haidirojeni 22 ndi a okosijeni 11. Kunja kwake kuli timalo 8 pamene okosijeni wagwirana ndi haidirojeni, ndipo poti madzi nawonso ndi okosijeni ndi haidirojeni, timalo timeneti timakokana ndi madzi. Kambulu kakagwera m'kapu, mamolekyu a madzi, amene sakhazikika ngakhale pang'ono, amakaunjirira, amagwira molekyu ya shuga ya m'mphepete, kuizula pamzere n'kupita nayo, ngati nyerere zikututa ufa wotayika pakhomo. Yochokayo imasiya inzake poyera, nayonso n'kuzulidwa, mpaka kambuluko kutha. Molekyu ya shuga siithyoka ayi, imangolekana ndi zinzake, madzi ataizinga mbali zonse. Apa ndi pamene shuga amasiyana ndi mchere. Mchere ukasungunuka umagawika pawiri, sodiyamu kwake, kolorayidi kwake, tizigawo tonyamula mphamvu ya magetsi. N'chifukwa chake magetsi amadutsa bwino m'madzi a mchere koma m'madzi oyera a shuga ayi.

Palibe chimene chimatayika. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mukasungunuliramo kilogalamu ya shuga, sikelo iwerenga makilogalamu awiri, ngakhale m'chigubumo madziwo angokwera kufika pa lita imodzi ndi theka kuposerapo pang'ono. Komanso madzi ali ndi pokhutira pake. Magalamu 100 a madzi ozizira, a madigiri 20, amalandira shuga pafupifupi magalamu 200, kenako wina aliyense amene mungathire amangokhala pansi. Madzi omwewo akamawira amalandira magalamu oposa 450. Chinsinsi cha aphiki a shuga chagona pakusiyana kumeneku. Madzi otentha amene akhuta shuga akachepa chifukwa cha nthunzi, kapena akazizira, amapezeka asenza katundu woposa mphamvu zawo, ndipo amayamba kumutula. Shuga wotulidwayo amafolanso m'mizere, ndipo pamzere wa shuga pamalowa shuga yekha. Dothi, mchere ndi utoto wa mu nzimbe zimatsalira kunja. Zonsezi mabuku azifotokoza posachedwapa, koma manja a anthu anali atazigwiritsa kale ntchito zaka zoposa 1,500.

Nzimbe yotsekemera imene timaidziwayi inayamba kulimidwa pachilumba cha New Guinea zaka zikwi zingapo zapitazo, ndipo kumeneko ankangotafuna. Inayenda m'mabwato kupita kuzilumba zina ndi kumtunda kwa Asia, ndipo ku India ndi kumene anthu anayamba kuifinya n'kumaphika madzi ake. Cha m'ma 325 Yesu asanabadwe, Nearchus, mkulu wa zombo za Alexander Wamkulu, anabwera ndi nkhani imene inadabwitsa Agiriki, yakuti ku India kuli bango lotulutsa uchi popanda njuchi. Poyamba chimene chinkatuluka mumphika chinali chibuma chofiirira, chosakanikirana ndi zonse za mu nzimbe, chimene Amwenye amachitcha gur ndipo akudyabe mpaka lero. Kenako aphikiwo anazindikira kuti ukaphula mphika panthawi yake yeniyeni n'kuusiya uzizire pang'onopang'ono, m'manyuchimo mumabadwa mibulu. Pofika nthawi ya mafumu a Gupta, m'zaka za m'ma 300 ndi 400, lusoli linali litakhazikika. Linali lamtengo wapatali moti m'chaka cha 647 mfumu Taizong ya ku China inatuma nthumwi ku Magadha, kumpoto kwa India, kuti zikaphunzire kaphikidwe kake. Ku China nzimbe zinalipo kale. Chimene mfumuyo inkasowa chinali diso lodziwa nthawi yophula.

Lusolo linafika ku Persia, makamaka m'dera la Khuzestan, ndipo asilikali a mfumu Heraclius atalanda nyumba yachifumu ya ku Dastagird mu 628, shuga anawerengedwa pakati pa chuma chimene anachipeza. Aluya atagonjetsa Persia m'zaka zomwezo za m'ma 600, anatenga nzimbe pamodzi ndi kaphikidwe kake n'kuzifalitsa ku Syria, Egypt, Sicily, Morocco ndi kummwera kwa Spain. M'maiko amenewa ntchitoyi inafika pokhala ndi dongosolo lake. Ankathira laimu kapena phulusa m'madzi a nzimbe owira kuti zinyalala ziyandame pamodzi ndi thovu n'kuziyengula. Manyuchi akakhwima ankawathira m'miphika yadothi yosongoka kunsi, yokhala ndi kabowo, n'kuikhazika pakamwa pa mitsuko. Kwa masiku ambiri madzi akuda okana kuuma ankadontha pakabowoko, mumphikamo n'kutsala chibuma cha shuga chosongoka. Mapale a miphika yotere afukulidwa milumilu ku Kouklia pachilumba cha Cyprus, kumene shuga ankaphikidwa kuti akagulitsidwe ku Ulaya. Ena anawonjezera nzeru yooneka ngati yopusa: kumata dothi lonyowa pamwamba pa shuga amene angovutika naye kumuumitsa. Madzi a m'dothimo ankatsika pang'onopang'ono, akutsuka zakuda pa mibulu koma osasungunula shuga wambiri. Kumtunda kwa chibumacho kunkayera mbee, kunsi kunkatsala kofiirira, ndipo mitengo yake inali yosiyana.

Vuto la madzi ndi lakuti sachoka ulere. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya shuga, makilogalamu 5 kapena 6 a madzi ayenera kusanduka nthunzi, ndipo pamoto wapoyera nkhuni zothera pamenepo n'zosaneneka. Maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean analibe mitengo yochuluka chotero, ndiye shuga ku Ulaya anakhala kwa nthawi yaitali mankhwala ndi chokometsera cha anthu olemera, chogulitsidwa pa tisikelo tating'ono. Apwitikizi atakhazikika pachilumba cha Madeira cha m'ma 1420 anapeza zimene ankasowa: nkhalango yowirira ndi mitsinje yotsetsereka. Mu 1452 anagwirizana zomangako chigayo cha nzimbe choyendera madzi, ndipo cha m'ma 1506 kachilumbako kankatulutsa shuga pafupifupi matani 2,500 pachaka. Pofika 1530 zokolola zinali zitagwa kwambiri. Nthaka inali itaguga, mitengo yapafupi itatha, ndipo chilumba cha São Tomé chinali chitayamba kupanga shuga wotsika mtengo ndi manja a akapolo. Mchitidwe umenewu, wofika pamalo, kuwotcha nkhalango yake n'kusamukira kwina, unabwerezedwa kambirimbiri pambuyo pake.

Panalinso vuto lina, loopsa kuposa la nkhuni, nalonso lochokera m'madzi momwemo. Nzimbe ikangodulidwa, shuga wosungunuka m'kati mwake amayamba kuwonongeka. Molekyu ija kwenikweni ndi mitundu iwiri ya shuga yolumikizana, gulukosi ndi fulakitosi, ndipo imayamba kuduka pakati chifukwa cha ma enzyme a mu nzimbe momwemo ndi tizilombo tolowera pabala la chikwanje. Kutsekemera kumakhalapobe, koma shuga woduka chotero safola m'mizere, amangokhala manyuchi. Madzi ofinyidwa kale ndiye sachedwa n'komwe, amasasa pa maola ochepa. Motero nzimbe yodulidwa lero iyenera kufinyidwa mawa lisanathe, madzi ake n'kuphikidwa nthawi yomweyo. Chimanga chimadikira m'nkhokwe, fodya amadikira m'chigafa, koma nzimbe siidikira munthu. Munda, chigayo ndi nyumba yophikira zinayenera kukhala pamalo amodzi, m'manja mwa mwini mmodzi, zikugwira ntchito usana ndi usiku miyezi yonse yokolola. Munthu waufulu wokhala ndi munda wake sakanalola moyo wotere, ndipo eni minda sanadzivutitse n'kumunyengerera. Anagula anthu.

Columbus ananyamula mbewu ya nzimbe kuzilumba za Canary paulendo wake wachiwiri mu 1493 n'kupita nayo ku Hispaniola. Apwitikizi anaidzala ku Pernambuco ndi ku Bahia m'dziko la Brazil m'zaka za m'ma 1500, Angerezi ku Barbados m'ma 1640 kenako ku Jamaica, Afalansa ku Saint-Domingue. Anthu a mu Africa pafupifupi 12.5 miliyoni anakwezedwa m'zombo zooloka Atlantic, ndipo ambiri mwa amene anafika amoyo anathera kumaiko a nzimbe. Pofika 1789 Saint-Domingue yokha inali ndi akapolo pafupifupi 500,000, ndipo inkatulutsa pafupifupi magawo 40 pa 100 aliwonse a shuga wodyedwa ku Ulaya.

M'nyumba yophikira ya ku Jamaica ya m'zaka za m'ma 1700 zinthu zinkayenda chonchi. Panja panali chigayo cha migudumu itatu yoimirira, yozunguzidwa ndi ng'ombe, mphepo kapena madzi. Wolowetsa nzimbe pakati pa migudumuyo akangosinza pang'ono, zala zinkagwidwa, mkono n'kutsatira, ndipo chapafupi pankakhala chikwanje kapena nkhwangwa yodulira mkonowo thupi lonse lisanakokedwe. Madzi a nzimbe ankayenda m'ngalande kulowa m'nyumbamo, mmene munali nkhali zamkuwa zinayi kapena zisanu zondandalikana pang'anjo imodzi, yaikulu koyambirira, yaing'ono kumapeto kumene moto unali waukali. Amuna ankakhala chiimire ndi zipande zazitali, akuyengula thovu, akutunga madzi owira mu nkhali ina kuthira mu inzake, nthunzi ili tolo, pansi poterera ndi manyuchi. Pa nkhali yotsiriza pankaima munthu mmodzi amene onse ankamuyang'ana. Ankaona mmene thovu likuphulikira, ankanunkhiza, kenako ankatapa kadontho ka manyuchi otentha, kukaika pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kutambasula zalazo. Kaulusi kotuluka pamenepo, kutalika kwake ndi kadukidwe kake, ndiko kankamuuza ngati madzi otsala achepa mokwanira. Akafulumira kuphula, mibulu siinkabwera. Akachedwa, shuga ankapserera. Munthu ameneyu anali kapolo, koma chuma chonse cha mwini munda cha chaka chimenecho chinali pa zala zake ziwirizo. Chimene ankayeza ndi chomwecho chimene lero timayeza ndi zipangizo, kuchuluka kwa shuga poyerekeza ndi madzi, ndipo ankachiyeza molondola ali ndi tulo ta masiku angapo m'maso. Mayina a aphiki otere, pamene analembedwa n'komwe, analembedwa m'mabuku a katundu, pamodzi ndi ng'ombe ndi nkhali.

Moto umenewu unafikanso kwathu kuno. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 Afalansa a ku Mauritius ndi Réunion ankagula anthu ku Kilwa, kuchilumba cha Mozambique ndi ku Quelimane, ndipo m'zaka zoyambirira za m'ma 1800 zombo za ku Brazil ndi Cuba nazonso zinkakocheza m'madoko a kumeneko. Ambiri mwa ogulitsidwawo ankachokera kumtunda: Amakua, Ayao, Amang'anja ndi ena a m'mbali mwa Zambezi, Shire ndi nyanja ya Malawi. Ukapolo utaletsedwa, nzimbe sinasiye kufuna manja. M'zaka za m'ma 1850 Afalansa ankatengabe anthu ku Quelimane kupita nawo ku Réunion, atangowasintha dzina kuti ndi antchito olembedwa mwaufulu. Angerezi anatembenukira ku India: antchito a kontrakiti anayamba kufika ku Mauritius mu 1834, ndipo mu 1860 anafika ku Durban kudzadula nzimbe za ku Natal.

Mu Ogasiti 1791 akapolo a ku Saint-Domingue anaukira, ndipo anayamba ndi kutentha minda ya nzimbe ndi zigayo zake. Nkhondoyo inabala dziko la Haiti mu 1804. Cha m'nthawi imene kuukirako kunayamba, anthu pafupifupi 300,000 ku Britain anasiya kuthira shuga wa akapolo mu tiyi. Koma chimene chinagwedeza malonda a nzimbe kwa nthawi yaitali chinachokera m'kachipinda koyesera zinthu ku Berlin. Kumeneko, mu 1747, Andreas Marggraf anaumitsa mizu ya chomera chotchedwa beet, kuiviika mu alcohol wotentha, ndipo pozizira anapeza timibulu. Atationa pa maikulosikopu tinali tofanana ndendende ndi ta nzimbe. Shuga ndiye kuti sanali chuma cha nzimbe yokha. Anali chinthu chimodzi chosungunuka m'madzi a zomera zosiyanasiyana, ngakhale zomera m'dziko lozizira. Wophunzira wake, Franz Achard, anamanga fakitale yoyamba ya shuga wa beet ku Cunern m'dera la Silesia mu 1801, ndipo nkhondo zitatseka madoko a Ulaya, Napoleon analamula mu 1811 kuti Afalansa azilima mbewuyi. Lero pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a shuga wapadziko lonse ndi wa beet.

Nkhani ya nkhuni inathetsedwa ndi anthu awiri. Madzi sawira pa madigiri 100 paliponse. Pamwamba pa Sapitwa, pamtunda wa mamita 3,002, amawira pa madigiri pafupifupi 90 chifukwa mpweya wowapanikiza ndi wochepa. Mngerezi wina, Edward Howard, anagwiritsa ntchito mfundo imeneyi mu 1813: anatseka mphika, kupopa mpweya wa m'kati, ndipo manyuchi anayamba kuwira pa kutentha kochepa osapserera. Wachiwiri anali Norbert Rillieux, wobadwira ku New Orleans mu 1806, mwana wa mzungu mwini munda ndi mayi waufulu wa magazi achikuda. Anaphunzira uinjiniya ku Paris, ndipo anafunsa funso limene aliyense woima m'nyumba yophikira akanatha kufunsa: nthunzi yonse ikutuluka padengayi, bwanji ikungotayika? Anakonza miphika yotseka yolumikizana, kuti nthunzi yochoka mu woyamba iwiritse wachiwiri, umene mpweya wake wapopedwa kwambiri, ya wachiwiri iwiritse wachitatu. Moto umodzi unkagwira ntchito katatu, ndipo panalibenso wotunga madzi owira ndi chipande. Boma la America linavomereza kuti lusoli ndi lake mu 1843 ndi 1846, ndipo makinawo anamangidwa m'minda ya ku Louisiana. Tisadzinamize kuti anamasula akapolo. Anawonjezera phindu la eni minda, ndipo mwini nzeruyo, atatopa ndi malamulo opondereza anthu akuda, anabwerera ku France kumene anamwalirira mu 1894.

Nthawi yonseyi palibe amene akanatha kusonyeza chimene chimachitika shuga akazimirira m'madzi. Democritus wa ku Greece, ndi Lucretius wa ku Rome pambuyo pake, anali ataganiza kuti zinthu zonse ndi tizidutswa tosaoneka, ndi kuti zotsekemera zili ndi tizidutswa tosalala. Kunali kungoganiza chabe, ndipo mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 akatswiri ena otchuka ankakayikabe ngati maatomu alipodi. Shuga anakhala chida chabwino choyankhira funsoli chifukwa cha zomwe aphiki anali atachita kale: anali woyera, wotsika mtengo tsopano, wopezeka m'sitolo iliyonse, komanso wosagawika m'madzi. Mu 1850 Ludwig Wilhelmy anayeza liwiro limene asidi amadulira molekyu ya shuga pakati, kuduka komwe kuja kumene kunkakaniza akapolo kugona, ndipo ntchito yakeyo imatengedwa ngati chiyambi cha phunziro la liwiro la kusintha kwa zinthu. Mu 1877 Wilhelm Pfeffer, katswiri wa zomera wa ku Germany, anathira madzi a shuga m'kamphika kadothi kamene m'zibowo zake anakonzamo nembanemba yolola madzi kudutsa koma yokaniza shuga, n'kukamiza m'madzi oyera. Madzi akunja anayamba kulowa okha m'kamphikamo. Mphamvu yake inali yodabwitsa: galamu imodzi yokha ya shuga pa magalamu 100 a madzi inkakoka mokwanira kukweza madzi m'paipi mamita 7.

Manambala a Pfeffer anafika kwa Jacobus van 't Hoff ku Amsterdam kudzera mwa mnzake Hugo de Vries. Van 't Hoff anaona kuti shuga wosungunuka akutsata lamulo lomwelo limene mpweya wotsekeredwa m'botolo umatsata: chofunika ndi chiwerengero cha tinthu toyendayenda m'menemo ndi kutentha kwake, osati mtundu wa tinthuto. Anapatsidwa mphoto yoyamba ya Nobel ya kemisitire mu 1901. Patangopita zaka zinayi, mnyamata wa zaka 26 wogwira ntchito mu ofesi yolembetsa maluso atsopano ku Bern anapereka ku yunivesite ya Zurich kabuku kofunira digiri ya udokotala. Dzina lake Albert Einstein, ndipo nkhani ya m'kabukumo inali madzi a shuga. Anatenga zinthu ziwiri zoyezedwa kale, mmene shuga amanandiritsira madzi ndi liwiro limene amafalikira m'madzi osatakasidwa, n'kuwerengera kukula kwa molekyu imodzi. Anapeza kuti ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a milimita. M'masamu akewo munali cholakwika chimene chinakonzedwa mu 1911, ndipo atakonza, chiwerengero cha mamolekyu chinayandikira chimene timachidziwa lero. Mu supuni yaing'ono ya shuga, magalamu 4, muli mamolekyu okwana 7 wotsatidwa ndi maziro 21.

Kukoka madzi kuja kwa Pfeffer kuli ndi ntchito pa mwana wotsegula m'mimba. Mu 1960 Robert Crane anafotokoza kuti khoma la matumbo limalowetsa gulukosi ndi sodiyamu pamodzi, pakhomo limodzi, madzi n'kumatsatira pambuyo. Kolera satseka khomo limeneli. David Nalin ndi Richard Cash anasonyeza ku Dhaka mu 1968 kuti odwala kolera akhoza kupulumuka pomwa madzi a gulukosi ndi mchere, ndipo mu 1971 Dilip Mahalanabis, madiripi atamuthera pamsasa wa anthu othawa nkhondo ku Bangaon, anayamba kumwetsa odwala madzi otere kuchokera m'migolo. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 kufika pa ochepera anayi. Kuyambira 1980 bungwe la BRAC linayenda khomo ndi khomo ku Bangladesh kuphunzitsa amayi muyezo wa manja: mchere wotsina ndi zala zitatu, gur wodzaza chikhatho chofumbata, madzi theka la lita. Muyezo wa supuni ndi uwu: masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, theka la supuni ya mchere, lita imodzi ya madzi aukhondo. Chifundo chothira shuga wambiri kuti mwana amve kukoma chimabweza zinthu m'mbuyo, chifukwa shuga wochuluka m'matumbo amakoka madzi kuchoka m'thupi, kutsegula m'mimba n'kukula.

M'chigwa cha Zambezi nzimbe inalipo kalekale, ndipo kufupi ndi Tete anthu ankaphika shuga wawo pofinya ndi migudumu yamitengo. Sekeletu, mfumu ya Akololo, anapempha David Livingstone kuti akamubweretsere chigayo cha nzimbe, ndipo ulendo wa Livingstone wa 1858 unabweradi ndi chigayo. Livingstone ankakhulupirira kuti shuga ndi thonje zolimidwa ndi anthu aufulu kuno zidzagwetsa malonda a akapolo. Zinayenda mwina. M'zaka za m'ma 1890 John Peter Hornung anatsegula minda ku Mopeia, imene inakula n'kukhala Sena Sugar Estates, ndi mafakitale ku Marromeu ndi Luabo, ndipo ambiri odula nzimbe kumeneko anali ogwidwa pa chibalo cha Apwitikizi. Kuthawa ntchito yokakamiza yotere ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mabanja ambiri anaolokera ku Nyasaland. Kuno shuga wa fakitale anachedwa. Kampani ya Lonrho inatsegula SUCOMA ku Nchalo m'boma la Chikwawa, kumene shuga anayamba kutuluka mu 1966, pothirira minda ndi madzi a mu Shire. Nakambala ku Mazabuka m'dziko la Zambia inatsatira mu 1968, Dwangwa ku Nkhotakota mu 1979, ndipo mu 1997 Illovo inagula minda ya shuga ya Lonrho. Minda yaikulu chotere siimera m'malere. Inatenga malo amene anthu ankakhalapo ndi kulima, ndipo madandaulo a malo sanatheretu mpaka pano.

Mukalowa m'fakitale ya lero mupeza mbiri yonseyi ili pamzere, chipinda ndi chipinda. Nyengo yodula imayamba mvula ikatha, cha mu Epulo, mpaka chakumapeto kwa chaka. Nzimbe imathamangitsidwabe kuchoka kumunda, ndipo mlimi amalipidwa potengera shuga amene ali m'nzimbe zake, osati kulemera kokha, choncho thirakitala yochedwa panjira imamudyera ndalama. Shugayo amayezedwa pa muyezo wa Brix, dzina la katswiri wa ku Germany wa m'zaka za m'ma 1800: digiri imodzi ndi galamu imodzi ya shuga pa magalamu 100 a madzi a shugawo. Nzimbe ikaphwanyidwa amaithira madzi otentha kuti asungunule shuga wotsalira m'makoko, makokowo n'kukhala nkhuni za fakitale yonse. Laimu wa aphiki akale aja akadalipo. Miphika ya Rillieux imachotsa madzi ambiri mpaka manyuchi afike cha pa Brix 65, kenako amalowa mumphika wa Howard. Mmenemo mphiki amadikira mpaka madzi asenze shuga woposa muyezo wawo, n'kuthiramo fumbi la shuga wopera kwambiri kuti likhale mbewu, ndipo pa kafumbi kalikonse pamayamba kufola mamolekyu. Ngakhale pali makompyuta, mphiki amasololabe kachitsulo m'mbali mwa mphika, kupaka manyuchi pagalasi n'kuyang'ana pa getsi kuti aone ngati mibulu ikukula mofanana. Pomaliza phalalo limalowa m'makina ozungulira mwaliwiro kwambiri, amene amachita pa mphindi zochepa zimene mphika wa kabowo unkachita pa masabata. Matani 8 mpaka 10 a nzimbe amatulutsa tani imodzi ya shuga.

Komabe madzi sapereka zonse. Manyuchi amaphikidwa kachiwiri ndi kachitatu, mibulu ikucheperachepera, mpaka kutsala molasesi wakuda bii, wonanda, wowawira pang'ono. Pafupifupi theka la kulemera kwake ndi shuga, koma michere ya mu nzimbe, makamaka potaziyamu, pamodzi ndi gulukosi ndi fulakitosi uja woduka, zimamugwira kuti asafole pamzere, ndipo nthunzi yofunika kumulanda imadula kuposa shugayo. Apa mafakitale amagonja n'kusiyira yisiti, amene sasankha kuti shuga ndi wathunthu kapena woduka, bola akhale m'madzi. Ophika kachasu amadziwa zimenezi bwino, poti iwo amagula shuga wouma kale n'kumusungunula dala pamodzi ndi madeya kuti afufume. Ku Dwangwa molasesi wakhala akusandutsidwa ethanol wosakaniza ndi petulo kuyambira 1982, ndipo fakitale yachiwiri yotere inatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004.